Dzanja Limene a Makutu Sanakweze

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine mng'ono wawo wopondana nawo. Ndisanapite patali, dziwani kuti m'mbiriyi muli nkhani imodzi imene malemu anandilamula okha kuti ndiiwerenge pamaso panu. Ikukhudza dzina la mwana wawo wachisamba, wamkazi, amene wakhala apoyo pafupi ndi mayi ake. Ndifikapo, koma ndiyambire poyambira.

Sukulu anayamba mu 1968. Masamu ankakhoza, zina zonsezo ankangopirira. Mu 1978 analowa sukulu ya ntchito zamanja kukaphunzira umakaniko, ndipo kumeneko ndi kumene anapatsidwa dzina loti a Makutu, limene ambiri a inu mukuwadziwa nalo. Galimoto ikamadutsa mumsewu iwo ali m'nyumba, ankatha kunena kuti pulagi imodzi yafa, ndipo ukatsutsa umachita manyazi ndiwe.

Pa 22 Novembala 1986 anakwatira alamu angawa, omwe nthawi imeneyo ankagwira ntchito pamalo omwetsera petulo. Achimwene ankathira lita imodziimodzi kuti apeze chifukwa chobwererako mawa. Alamu anazindikira kalekale kuchenjera kwawoko, koma anawasiya avutike miyezi isanu ndi itatu. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Mu 1994 anatsegula galaja yawo, ndipo mu 2003 anayamba ntchito imene inawatchukitsa, yowonjezera mphamvu magalimoto a tebo. Ine ndine mphunzitsi wopuma, za injini sindizidziwa, choncho ndifotokoza monga ankandifotokozera. Tebo imakankhira mpweya wambiri mu injini, mphamvu n'kukwera. Koma petulo wamba wa papampu ali ndi malire ake. Ukapyola, injini imayamba kugogoda pang'onopang'ono ngati timiyala m'chitini, ndipo ukachedwa kumva, pisitoni imabooka. Anzawo ena ankathawira ku mafuta apadera a mpikisano. Malemu ankakana. Ankati galimoto yosankha mafuta ndi mlendo wovuta, iwo akufuna yoti imwe pampu iliyonse n'kuthamangabe.

Chida chawo chachikulu chinali kapaipi ka kopa. Ankakamangirira pa injini, n'kulumikiza mpira wofika kukhutu. Galimoto ikamalira pamakina oyezera mphamvu, itamangidwa malamba kuti isasunthe, iwo ankakhala pampando wakumanzere atatsinzina. Akangomva kugogoda ankakweza dzanja, ndiye kuti basi. Akatero ankabweza mphamvu pang'ono, amati n'kusiyirako tsiku la dzuwa ndi la petulo woipa. Eni magalimoto ankadandaula kuti akuwamana, koma magalimoto awo akuyenda mpaka lero, ena aimikidwa panjapa.

Mu 2009 mwana wawo wachisamba uja, atamaliza maphunziro a zamagetsi a galimoto, analowa m'galajamo. Anagawana ntchito. Iye ankakhala pachiwongolero ndi kompyuta, n'kumawonjezera mphamvu pang'onopang'ono, maso ali pa dzanja la bambo ake. Zaka zisanu ndi chimodzi anagwira chomwecho osawononga ngakhale injini imodzi. Malemu sanali munthu woyamikira pakamwa, koma nthawi imeneyo ankaimba mluzu posesa.

Loweruka pa 15 Ogasiti 2015, masana, injini ya galimoto ya dokotala wina wa mano inaphulika ili pamakina. Utsi unadzaza m'galaja, oyilo anayenderera mpaka pakhomo. Anthu analipo ambiri. Mwini galimoto atafunsa kuti chachitika n'chiyani, maso onse anapita kwa amene anagwira kompyuta, ndipo malemu sananene kanthu. Pofika Lolemba nkhani inali m'magalaja onse, yoti mwana wamkazi wa a Makutu ndi waphuma, sayang'ana dzanja la bambo ake. Mwanayo sanadziteteze. Anakapeza ntchito m'sitolo yogulitsa mabatire, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi sanagwirenso injini. Kunyumba ankabwera, ankawachapira, ankawaperekeza kuchipatala, koma m'galaja sanapondemonso. Ndinene mosabisa kuti inenso ndinakhulupirira zomwe anthu ankanena, mpaka ndinamudzudzula ndi pakamwa pangapa. Zikundichititsa manyazi.

Kuyambira pamenepo malemu anayamba kukana ntchito za tebo, amvekere atopa. Anatsala ndi mabuleki ndi kusintha oyilo. Wayilesi kunyumba inayamba kukwera mawu, alamu ankabwereza chinthu katatu, ife n'kumati ndi makani a ukalamba chabe, poti makaniwo anali nawo kuyambira ali mwana.

Mu Malichi chaka chino cha 2024 anayamba kudandaula mtima ndi kutupa miyendo. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Okutobala. Pa 11 mwezi womwewo, nthawi yoona odwala masana, anandiuza kuti nditenge cholembera, poti mphunzitsi sayenda wopanda. Zimene ananena ndi izi, sindinawonjezere kapena kuchotsa:

"Tsiku lija dzanja sindinakweze. Khutu langa lakumanja linali litafa chaka chathunthu, linalo likutsatira, ndipo ndinabisa. Mwana wanga anandiyang'ana katatu asanawonjezere mphamvu, katatu konse ndinagwedeza mutu kuti apitirize. Injini ija ndinapha ndine. Ndinakhala chete chifukwa ndinaopa kuti a Makutu akadziwika kuti samva, chitsale n'chiyani. Iyeyu ndamupepesa kale pabedi pano, koma dzina lake linaipa pagulu, ndiye liyeretsedwenso pagulu."

Pali china chimene malemu sanandiuze kuti ndilembe, koma ndinalipo ndipo ndichinena. Atamupepesa, mwanayo anawayankha kuti ankadziwa. Akuti m'kamphindi komaliza kugogoda kuja anakumva yekha, wopanda paipi, mochedwa, ndipo atacheuka anapeza bambo ake atatsinzina mwamtendere, mpira uli kukhutu. Anazindikira pomwepo. Anasankha kusenza mlanduwo kuti bambo ake atsale ndi dzina. Achimwene atamva zimenezi anatembenukira kukhoma, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndiwaone akulira.

Anamwalira pa 17 Okutobala, m'mawa, dzanja lawo lili m'manja mwa alamu. Anali ndi zaka 63.

Mwana wanga, dzulo unandipempha kuti tsamba limeneli ndilidumphe. Ndakukanira, undikhululukire. Bambo ako ndinawamvera moyo wanga wonse, sindikanayamba kuwaderera lero. Akusiyira kiyi wa galaja ndi kapaipi kaja, kali m'kabati yachiwiri, kokulungidwa m'nsalu yofiira. Anati sakukukakamiza, ukafuna udzakatenge.

Malemu asiya mkazi, ana atatu, zidzukulu zinayi, ndi ife abale awo awiri. M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawapirira, poti sanali wodwala wophweka, ankafuna kukonza ngakhale bedi lomwe anagonapo. Ndikuthokoza aneba, ampingo, ndi dokotala wa mano uja, amene wabwera ngakhale anatayikiridwa injini. Ndikuthokozanso amakaniko anzawo amene mwadzaza kumbuyoko ndipo mwapereka magalimoto. Kwa inu ndili ndi pempho limodzi. Nkhani yoyamba ija inazungulira magalaja onse m'masiku awiri okha. Iyinso muiyendetse pa liwiro lomwelo.

Achimwene, ntchito munandipatsa ija ndagwira. Dzanja limene simunakweze tsiku lija mwalikweza lero, mochedwa ndithu, koma aliyense waliona. Usani mumtendere.