Tsiku Limene Amuna Anga Anataya Khadi Pamsika

Moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Monile mose. Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, yewo chomene pondipatsa mpata. Chitumbuka changa chimathera pomwepo ndikaima pagulu, ndiye mundilole ndilankhule cha kwathu.

Ine ndine Mayi Nyirenda. Kwathu ku Ntchisi amanditchula Nabanda. Ambiri mumandidziwa ngati mayi wa mandasi pafupi ndi depoti pa Boma pano. Koma momwe ndinafikira ku Rumphi kuno, odziwa ndi ochepa.

Amuna anga anali mphunzitsi. Tinkakhala ku Dowa, pasukulu ina ya pulayimale. Nyumba ya malata, dimba kuseri, ana atatu. Iwo pakati pa sabata ankaphunzitsa, Lamulungu ankatsogolera kwaya. Ine ndinali m'gulu la amayi a mpingo. Kudwazika matenda, ndinalipo. Kusesa m'tchalitchi, ndinalipo. Pamaliro ndinkafika woyamba. Ndipo ndinkadziwa, kapena ndinene kuti ndinkayesa ndikudziwa, mmene Mulungu amachitira zinthu: ukamamuopa, ukamachita zabwino, pakhomo pako pamakhala mtendere.

Ndiye kunabwera lamulo lija, chakumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi. Achikulire mukulikumbuka. Anati mphunzitsi aliyense abwerere kuchigawo cha kwawo. Amuna anga atamva anaseka. Anati, "Amake Lonjezo, izi sizathu. Ine ndinabadwira konkuno." Sankanama. Bambo awo anachoka ku Rumphi ali mnyamata, nkukagwira ntchito pachipatala cha mishoni ku Dowa, ndipo manda awo ali komweko. Amuna anga kuno anafikako ali mwana, pamaliro a agogo awo. Chitumbuka ankangomva apa ndi apo, kuyankha ayi. Koma dzina lawo ndi Nyirenda. Dzinalo ndi limene linatikweza lole.

Lole linakatitsitsa pasukulu ina kufupi ndi Kazuni, m'malire mwenimweni mwa nkhalango ya nyama. Aphunzitsi obwera anali ambiri, nyumba zochepa. Ife anatipatsa kachipinda kosungiramo makasu ndi mabenchi othyoka. Tinafunafuna achibale a apongozi. Tinawapeza, anatilandira mwaulemu, anatiphera nkhuku, koma sankatidziwa, ifenso sitinkawadziwa. Pobwerera, amuna anga anandifunsa m'njira kuti, "Ndiye kwathu nkumeneku?"

Tinapempha kamunda, tinalima. Chimanga chitayamba kukhwima, njovu zinadutsamo. Sipanatsale ngakhale chootchera ana.

Abale anga, matenda a amuna anga sanabwere tsiku limodzi. Anayamba ndi kukhala chete. Munthu woimba uja, chete. Kenako anayamba kuima m'kalasi choko chili m'manja, osalemba kanthu, ana nkumangowayang'ana. Kenako anasiya kulowa m'kalasimo. M'mawa ankasamba bwinobwino, kuvala tayi, kutenga sutikesi, nkukakhala m'mbali mwa msewu. Ndikawatsatira ankati, "Longedza ziwiya. Lole likubwera, analakwitsa mayina." Dzuwa linkawawomba pomwepo mpaka kulowa.

Aliyense anali ndi lake. Ena anati awalodza aphunzitsi anzawo. Ena anati ndi vimbuza, mizimu ya makolo ikuwafunsa chifukwa chimene anachedwera kubwera, ndiwaimbitse ng'oma. Ena anati ndi ntchentche za m'nkhalango zija zopatsa kaodzera. Mkulu wina wa mpingo anati ndifufuze m'nyumba mwanga, mwina muli tchimo lobisika. Ndinafufuza, abale. Ndinagwada nkufufuza mpaka za ku utsikana. Ndinasala kudya. Ndinkati, "Ambuye, ngati ndi ine, ndiuzeni. Ngati ndi iwo, ndiuzeni. Ngati ndi Inu, ndiuzeninso." Kunali zii.

Poyamba amayi a mpingo ankabwera. Tinkaimba, ine kutsatira Chitumbuka ndi milomo chabe. Koma amuna anga anayamba kulankhula. Osati kulankhula kwabwino. Ankafunsa mokweza kuti anagawa dzikoli ndani, anamupatsa mphamvuzo ndani. Amayi aja anayamba kuchepa, mpaka sipanabwerenso munthu. Sindikuwaweruza. Masiku amenewo mawu a munthu mmodzi ankatengetsa ndi omwe anangowamva. Koma zinandisokoneza. Ndinkaona anthu oopa Mulungu akudutsa pakhomo panga nkhope zili kumbali.

Mmodzi yekha sankaleka kubwera, ndipo ameneyo ndi amene sindinkamufuna. Dzina lawo NyaChirambo, tcheya wa amayi a chipani m'dera lonselo. Mayi wamasiye, wamtali, wolima fodya, mawu ngati a mwamuna. Kutchalitchi ankangofika pa Khirisimasi, nkukhala kumbuyo. Ntchito yawo inali kutisonkhanitsa kokaphunzira nyimbo ndi magule a pamisonkhano. Ankaima pakhomo nkunena kuti, "Mlendo, chitenje cha chipani chili kuti? Tiyeni."

Tsiku lina ndinawapempha. Ndinati, "Mayi, bambo akunyumba akudwala. Ali kumsewu okha."

Anati, "Tonse tili ndi odwala. Mukapanda kubwera, akafunsa ine."

Ndinapita. Ndinavina, abale, miyendo ili pabwalo, mtima uli kumsewu. Ndipo popemphera ndinkawatchula dzina mayi amenewa, kuti Ambuye awatalikitse ndi khomo langa.

Tsopano linafika tsiku la msika. Ndinapita kukagula mchere, amuna anga ndinawasiya pamalo pawo paja. Sindinadziwe kuti akunditsatira. Pachipata cha msika panali anyamata a chipani, oona makhadi a umembala wa chipanicho. Wopanda khadi sankalowa. Ine ndinaonetsa langa, ndinalowa. Ndili pa mchere ndinamva mawu amene ndimawadziwa, mawu a m'kalasi, omveka bwino ngati kale.

Nditatembenuka, ndinawaona ataima pachipata, tayi ili m'khosi, khadi atalikweza m'mwamba. Ankati, "Ana inu, khalani chete. Funso loyamba. Khadi ili likuti ine ndine wa kuti? Yankhani. Ngati ndine wa dziko lino, anandinyamuliranji ngati thumba la fetereza?" Kenako anatchula dzina la mtsogoleri wa dziko, dzina lokhalokha, popanda ulemu uliwonse. Nkuliponya khadilo m'fumbi.

Anthu pamsika anabwerera m'mbuyo. Ena anayamba kusonkhanitsa malonda awo. Anyamata aja anawagwira, wina mkono uwu, wina uwu, wina lamba wa thalauza. Mtsogoleri wawo anati, "Uyu tikamusiye ku Boma." Tonse tinkadziwa kuti wopita ku Boma pa mlandu wotere sabwerako msanga, ena sabwerako nkomwe.

Ndinafuna kupemphera, ndinapeza kuti m'mutu mulibe pemphero ngakhale limodzi. Ndinangoima ndi mchere m'manja.

Ndiye ndinaona NyaChirambo akubwera, akukankha anthu. Mumtima ndinati, basi, zatha. Anafika, osayang'ana wina aliyense, nkuwamenya amuna anga khofi. Khofi lenileni, magalasi awo a m'maso anagwa. Ndipo anayamba kuwakalipira m'Chitumbuka ngati mwana wothawa pakhomo. Kenako anatembenukira anyamata aja nkunena kuti, "Uyu ni mdumbu wane. Ngwakufuntha." Ndiye kuti, uyu ndi mlongo wanga, ndi wamisala.

Mtsogoleri wa anyamata uja anati, "Amama, mwamva zimene wanena?"

Anati, "Ndamva. Dzulo amanena kuti ndi mfumu ya njovu. Mukufuna mukaonetse wamisala kwa akuluakulu, akakusekeni? Inu nonse mumamuona kumsewu ndi sutikesi. Wamutaya ndine, ndinaiwala kutseka chitseko. Mlandu ndi wanga."

Anawerama, anatola khadi lija, analipukuta pachitenje chawo. Anavula duku kumutu nkuwamanga nalo manja amuna anga. Anyamata anayang'anana. Mayi ameneyu anali tcheya, ena mwa iwo anawaona akubadwa. Anawasiya amuna anga. NyaChirambo anandiyang'ana nkunena kuti, "Mlamu, mwangoima? Tolani magalasiwo."

Ndinatola. Ndinawatsatira pambuyo ngati mwana, osadziwa ngati akutipulumutsa kapena akukatipereka okha. Sanatitengere kusukulu. Anatitengera kwawo. Anatulutsa fodya m'chipinda china, anayala mphasa, anatuma munthu kukatenga ana athu. Tinakhala pamenepo mpaka mvula inayamba. Munthu akabwera kudzafunsa, ankamuyankhira pakhonde. Amuna anga akayamba kulankhula zija, ankawakhazika kuseri, kuwapatsa mtedza kuti azisenda, NyaChirambo nkumaimba mokweza nyimbo za chipani kuti odutsa asamve. Abale, ndinamva nyimbo zimene ndinkadana nazo zikubisa amuna anga. Mutu wanga sunathe kuzigwira zimenezi.

Ndi NyaChirambo omwewo amene anapempha malo pa lole la fodya, nkutiperekeza kuchipatala pa Boma pano. Adokotala anawaona amuna anga, anati ndi matenda a maganizo, alipo mankhwala ake. Anayamba kumwa. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kugona, kudya, kuitana ana mayina awo.

Koma nkhani ya pamsika ija inamveka. NyaChirambo anaitanidwa. Anapita m'mawa atavala chitenje cha chipani, anabwera patapita masiku, akutsimphina, utcheya atawalanda. Zimene zinachitika kumeneko sanatiuze mpaka lero. Anthu amene ankawaopa aja anayamba kuwaseka poyera.

Ndinawapeza kumunda akupalira okha. Ndinagwada m'mzere momwemo. Ndinati, "Mayi, ife si abale anu. Ine sindinakuchitireni chabwino chilichonse. Munachitiranji zimenezi?"

Sanasiye kupalira. Anati, "Ine ndavinitsa amayi apakati padzuwa. Ndabweza okalamba pachipata cha msika. Ndinkaopa a ku Boma, ndipo ndimawaopabe. Koma tsiku lija nditaona munthu wodwala ali m'manja mwa anyamata, ndinadzifunsa kuti Chiuta akadzandifunsa za ameneyu ndidzati chiyani. Ndinaopa kwambiri kumeneko. Basi. Dzukani, mukundipondera nyemba."

Abale ndi alongo, ndinabwerako kumundako mutu utazungulira kuposa kale. Ine ndinkapempha Mulungu kuti amuchotse mayi ameneyu, Mulungu nkumutuma yemweyo. Ndinkadikira thandizo kwa oimba nawo, linadzera kwa wokhala kumbuyo pa Khirisimasi. Ndiponso anatipulumutsa ndi bodza ndi khofi. Ndinakawafunsa abusa a nthawi imeneyo kuti, kodi Mulungu amagwira ntchito ndi bodza? Anati, "Mayi, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa nchakuti ine sindinabwere kwanu, iye anabwera." Ndipo anagwetsa misozi ine ndikuona.

Mpaka lero sindimvetsa chifukwa chimene tinachotsedwera ku Dowa. Sindimvetsa chifukwa chimene munthu wotsogolera kwaya anathera m'mbali mwa msewu. Ndikanama ndikanena kuti zonse zinandiwalira. Chimene chinasintha ndi ichi: kale ndinkachita zabwino ngati munthu wolima ganyu, woyembekeza kuti madzulo alandira. Tsopano ndimachita chifukwa ndinaona ndi maso anga kuopa Mulungu kumene kumamutayitsa munthu udindo, iye nkumapalirabe nyemba zake.

Zinthu zitasintha m'dziko, anatiuza kuti tikhoza kubwerera. Sitinabwerere. Tinasamukira pa Boma pano kuti tiyandikire chipatala. Ana anakula, Chitumbuka amachilankhula kuposa bambo awo. NyaChirambo akalamba, maso sakuona bwino. Fodya anasiya. Mwezi ukatha ndimakwera minibasi kukawachapira ndi kuwasiyira sopo, ndipo amandikalipirabe kuti sindichapa bwino makolala. Lachinayi lililonse, ine ndi amayi anzanga angapo a mumpingo muno timayendera makomo amene ali ndi odwala maganizo, makomo amene anthu amawalambalala. Sitidziwa zambiri. Timasesa, timatunga madzi, timakumbutsa za mankhwala, timakhala pansi ndi wosamalira wodwalayo kuti naye alankhuleko ndi munthu.

Bambo akunyumba m'kalasi sanabwereremonso. Amakonza mabenchi ndi zitseko, ndipo ena mwakhalira mabenchi awo lero lino. Ali apo, mzere wachitatu, avala jekete lotuwa. M'mawa uno ndinawafunsa ngati akundilola kunena zonsezi pamaso pa anthu. Anaganiza, nkunena kuti, "Kanene, amake Lonjezo. Koma usakanene kuti ndinachiriratu. Ukanene kuti mankhwala ndimamwabe, masiku ena kumandidera, ndipo Mulungu sanandisiye ngakhale masiku amenewo."

Ndiye ndanena monga anandituma. Ndikuthokoza Mulungu amene sindimumvetsa, koma amene anatisunga. Ndikuthokoza inu pondimvera. Mutipempherere, ndipo mukamapemphera muwatchulenso NyaChirambo. Yewo. Ambuye akhale nanu nonse. Ameni.