Zimene Thadzi la Don Atilio Linafukula

LOLEMBA

Mwaswera bwanji a ku Colonia Severina, a ku Tres Talas, ndi nonse amene wailesi ino yakupezani pathirakitala kapena m'khitchini? Nthawi ya zilengezo yakwana, ndipo Remigio Sosa wakhala kale pampando wake. Phulani ketulo, kalipirani agalu, tcherani khutu.

Choyamba mukuchidziwa nonse, poti chimabwera chaka chilichonse chimanga chikauma. Doña Herminia Ludueña a ku Tres Talas akudziwitsa abale, abwenzi ndi aliyense woyenda m'misewu kuti akufunabe amuna awo, a Nicanor Barrionuevo, amene anachoka pakhomo m'mawa wina wa nkhungu, mwana wawo Nélida akadali kubere. Lero Nélida ali ndi ana akeake opita kusukulu. A Nicanor ndi aatali, owonda, amagwira mpeni kumanzere, ndipo mluzu amaimba moipa. Ngati ali moyo, abwere adzanene ndi pakamwa pawo chimene anachokera. Ngati akuchita manyazi, atume munthu. Chipewa chawo chikadali pamsomali pomwe anachisiya. Chilengezochi chachokera kwa Herminia Ludueña, amene mpaka lero sadziwa ngati ali pabanja kapena ayi.

Mawu omalizawo si athu, amalemba okha. Ndipo inu a pasitolo ya pasiteshoni, tikudziwa kuti mwayamba kale kukodolana n'kumatchula dzina la Zulema, wophikira okolola uja anakwera sitima tsiku lomwelo. Lekani. Mayiwa nkhaniyi imawawawa, nafenso imatipweteka poiwerenga.

Banja la a Ramonda likudziwitsa okunkha onse kuti chimphepo cha sabata yatha chinagoneka chimanga chonse m'munda wawo wakumadzulo, moti makina okololera anangoseta pamwamba, theka n'kutsala pansi. Koma thumba loyera silinapachikidwe pachipata. Mwambo ndi womwe uja: thumba lisanaoneke, phazi la wokunkha lisaponde m'munda, ndipo wopezeka m'menemo ndi wakuba. Lidzapachikidwa Thadzi likamaliza mbali yake. Chigawo cha kumsewu chidzasiyidwira manja a anthu monga mwa nthawi zonse. Chilengezochi chachokera kwa Don Bautista Ramonda.

Thadzi lake liti, mukufunsa? Nafenso tafunsa. Mvetserani.

Don Atilio Bertero, wosula zitsulo kuseri kwa tchalitchi, akudziwitsa anzawo, ndi owaseka omwe, kuti makina amene akhala akuwabisa m'shedi chiyambire Khirisimasi atuluka mawa Lachiwiri pa 10 Meyi, m'munda wa a Ramonda, mame akangouma. Makinawa amakokedwa ndi thirakitala. Kutsogolo ali ndi zala zachitsulo zimene zimapalasa pansi, kutola chimanga chogwa, n'kuchikweza pa tcheni mpaka m'ngolo yakumbuyo. Dzina la Thadzi anapereka ndi akazi awo, ati chifukwa kulira kwake kukuposa mazira. Oonerera aime kunja kwa waya. Chilengezochi chachokera kwa Don Atilio, amene akuti wakuseka aseke lero, mawa pakamwa padzakhala yasa.

LACHITATU

Tabweranso. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye dzulo tinapita tokha. Thadzi likugwira ntchito, anthuni. Limatsokomola, limanjenjemera, koma likadutsa pansi pamatsala mbee. Vuto lake silisankha: chilichonse chimene zala zake zakhudza, limameza.

Don Policarpo Luna a ku Tres Talas akudziwitsa oyandikana nawo kuti nkhumba yawo yaikazi, yakuda, yong'ambika khutu limodzi, yasowa kuyambira dzulo. Inaoneka komaliza ikulondola Thadzi m'mbuyo, mwina poona kuti labwera kudzailanda ntchito. Woipeza asaiyese mphatso. Chilengezochi chachokera kwa Don Policarpo, amene akuti soseji yake adzaizindikira ngakhale itakazingidwa.

Don Atilio Bertero akudziwitsa anthu onse kuti posankha chimanga cha dzulo, m'ngolo mwapezeka katundu amene si chimanga. Muli zitsulo za kumapazi a hatchi, chigwiriro cha ndowa, zidutswa za njerwa, ndi mano oikirira a m'munsi amene mwini wake angawatenge mwakachetechete, safunsidwa kanthu. Mulinso kachitsulo kosendera chimanga, kaja okolola ndi manja ankavala kudzanja kale makina asanabwere. Kadya dzimbiri, ndipo lamba wake anawola. Don Atilio akuti amene anakasula anali ataledzera, chifukwa kangowe kake kanapindikira kolakwika. Chilengezochi chachokera kwa Don Atilio.

Kachitsuloko atisiyira patebulo pano. Takayesa kudzanja, takatembenuza uku ndi uku, sikakuluma khoko ngakhale limodzi. Koma kunsonga n'kodyeka, kusonyeza kuti munthu anagwira nako ntchito zaka zambiri. Nanga munthu angasende bwanji chimanga ndi chinthu chopindikira kumbuyo? Wodziwa atiuze, tisagone nalo funsoli.

LACHINAYI

Lero tiyamba ndi zimene zachitika m'chipinda muno, chifukwa popanda zimenezo chilengezo chotsatirachi simuchimva bwino.

Dzulo titangotseka, Doña Herminia anatulukira pakhomo, fumbi mpaka m'maondo. Anayenda wapansi kuchokera ku Tres Talas, wailesi ataisiya ikulankhula yokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anapeza Don Atilio ali pano, akutifotokozera za tcheni chawo kachitatu.

"Remigio, kali kuti?"

"Khalani pansi kaye, Doña. Tikuthirireni mate, tiyi wathu wowawa uja?"

"Mate ndamwa okwanira moyo wonse. Ndati kali kuti?"

Don Atilio anakakankhira kwa iwo akuseka. "Musadzivute, Doña. Chinasula chidakwa ichi."

Mayiwo anakanyamula. Anakaika m'dzanja lamanzere, kanakhala ngati kanabadwira momwemo. Anatola chimanga chimene Don Atilio anabweretsa kudzationetsa, n'kung'amba makoko kamodzi kokha, kwee!

"Chidakwacho anali bambo ako, Atilio, ndipo sanalakwitse. Nicanor anachita kuwapempha kuti akapindire uku. Ku Colonia yonse kanali kamodzi."

Ife amene tawerenga chaka ndi chaka kuti munthuyo amagwira mpeni kumanzere, mutu sunagwire n'komwe.

"Ndiye tandiuzani, anzeru inu," anatero Doña Herminia. "Mwamuna wothawa ndi mkazi amasiya chipewa n'kunyamula chosendera chimanga?"

Kenaka anatembenukira kwa Don Atilio. Anafunsa malo enieni amene Thadzi linakatola, koma Don Atilio anangokanda m'mutu.

"Doña, munda ndi waukulu uja, ndipo Thadzi silinena kumene ladya."

Tsopano chilengezo chawo. Doña Herminia Ludueña akupempha aliyense amene akuudziwa munda wakumadzulo wa a Ramonda kuyambira kale kuti awathandize kuganiza. Akuti dzulo lake la tsiku limene amuna awo anasowa, iwo anadandaula kuti nkhuku zasiya kuikira chifukwa cha njala. M'mawa a Nicanor anatenga thumba n'kunena kuti, "Tereka ketulo, ndikubwera." Kumene akupita sananene. Anthu anafunafuna kusiteshoni, kumtsinje, m'mabala a m'tauni. M'munda wa a Ramonda simunalowe munthu, chifukwa thumba loyera linali lisanapachikidwe, ndipo palibe anaganiza kuti munthu wamanyazi ngati Nicanor angalumphe waya. Akufuna kudziwa chinthu chimodzi chokha: kodi anawathawa, kapena sanawathawe? Chilengezochi chachokera kwa Herminia Ludueña.

LACHISANU

Mbiri sigonera. Basi ya m'mawa yatibweretsera chilengezo chochokera kutali.

Doña Zulema Ocampo, amene tsopano akukhala ku Rosario, akudziwitsa anthu a ku Colonia Severina kuti mphwawo wawauza zimene zikumveka pa wailesi. Akuti tsiku lija anakwera sitima okha, ndi sutikesi imodzi ndi mphika wawo, chifukwa anatopa kuphikira amuna osathokoza. Mwamuna wa mwini sanatengepo, ndipo akanafuna kutenga sakanasankha woimba mluzu ngati geti losathira mafuta. Akuti zaka zonsezi alephera kubwera ngakhale kumanda a mayi awo poopa malilime anu. Kwa Herminia akuti, "Mnzanga, ndinalibe naye kanthu. Ndikanalemba kale, koma ndinkaopa kuti sukhulupirira." Chilengezochi chachokera kwa Zulema Ocampo.

A pasitolo ya pasiteshoni, mwamva? Tapitiriza.

Don Policarpo Luna akudziwitsa oyandikana nawo kuti nkhumba ija yapezeka yamoyo, ndipo amene anawaganizira awakhululukire. Inali m'dzenje lofika m'chiuno, pangodya ya munda wa a Ramonda, pafupi ndi mtengo wouma. Nthaka inatitimira pamene gudumu la ngolo ya Thadzi linaponda. Poitulutsa, Don Policarpo anaona njerwa zoyalidwa mozungulira, m'pamene anakumbukira. Akuti ali mnyamata pamalopo panali chitsime cha oweta nkhosa, chovundikira ndi matabwa, chobisika m'zitsamba zaminga. Pambuyo pake antchito a malemu bambo a Don Bautista anachikwirira ndi dothi kuti ng'ombe zisagweremo. Chaka chake sakuchikumbuka bwino, koma akuti chinali chaka cha nkhungu yambiri. Ngodya imeneyo sinalimidwepo mpaka chaka chino. Chilengezochi chachokera kwa Don Policarpo.

Chigwiriro cha ndowa. Zidutswa za njerwa. Don Atilio akuti zinatuluka m'ngolo imodzi ndi kachitsulo kaja.

Choncho banja la a Ramonda, pamodzi ndi Don Atilio, akupempha amuna onse amphamvu a ku Colonia Severina ndi Tres Talas kuti akumane pangodya ya mtengo wouma mawa Loweruka pa 14 Meyi, dzuwa likangotuluka. Abwere ndi mafosholo, zingwe, ndowa ndi matabwa otchinjirizira dothi. Apolisi auzidwa ndipo adzakhalapo. Wobwera kudzangoyang'ana anyamule fosholo nayenso. Doña Herminia anapemphedwa kuti adikire kunyumba, ndipo yankho lawo sitingaliwerenge pa wailesi. Chilengezochi chachokera kwa Don Bautista Ramonda.

LOLEMBA

Mwaswera bwanji nonse? Lero agalu asiyeni auwe. Zilengezo zilipo ziwiri zokha.

Banja la a Ramonda likudziwitsa okunkha onse kuti thumba loyera lili pachipata, ndipo munda wakumadzulo ndi wotsegula. Amene munalipo Loweruka mukudziwa nthawi imene linapachikidwa. Dzuwa litapendeka, fosholo ya Don Atilio inagunda chitsulo cha lamba wa m'chiuno. Amuna anavula zipewa. Asanatulutse kanthu, Don Bautista anati, "Taimani kaye." Mkulu ameneyu, ndi mwendo wake wovuta, anayenda yekha mpaka kuchipata, anakapachika thumba, n'kubwerera. "Tsopano mutulutseni," anatero. "M'munda mwanga mukutuluka wokunkha, osati wakuba." Chilengezochi chachokera kwa Don Bautista Ramonda.

Chachiwiri abweretsa okha Doña Herminia m'mawa uno, atavala zakuda, Nélida atawagwira mkono. Anakhala pampando, ndipo ulendo uno mate analandira.

"Remigio, chilengezo changa chija uching'ambe. Munthu wapezeka."

"Tamva, Doña. Pepani kwambiri."

"Pepani wa chiyani? Ndikulira, inde, koma mtima wakhala pansi. Chaka ndi chaka ndimakunkha m'munda umenewo, kumutukwana chamumtima kuti akudya bwino ku Rosario. Iye ali pomwepo, kuseri kwa minga, atapita kukafunira nkhuku zanga chakudya." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, kenaka analoza pepala. "Pomalizapo uwerenge mmene ndalembera. Usafewetse."

Sitifewetsa, Doña.

Akudziwitsa abale ndi abwenzi a ku Tres Talas, Colonia Severina, Rosario ndi kulikonse kumene dzina la munthuyu linanenedwa moipa, kuti a Nicanor Barrionuevo anamwalira m'mawa wa tsiku lomwe anachoka pakhomo, atagwera m'chitsime chakale m'nkhungu. Sanathawe. Maliro ali kunyumba kwawo ku Tres Talas. Mwambo wa Misa udzachitika mawa Lachiwiri pa 17 Meyi m'tchalitchi cha Colonia Severina, ndipo bokosi lidzanyamulidwa pa ngolo ya Thadzi, Don Atilio akuyendetsa, ngakhale lilire chotani. Chipewa chachotsedwa pamsomali, apita nacho. Kachitsulo katsala ndi Nélida, amene bambo ake sanawadziwe. Doña Zulema Ocampo akupemphedwa kuti akwere basi ya usiku uno; mpando wawo uli pafupi ndi wa mwini maliro. A pasitolo ya pasiteshoni abwerenso, adzanyamule bokosi ndi manja polowa m'tchalitchi, pakamwa apumitse. Ketulo ili pamoto, monga mmene malemu anapemphera.

Chilengezochi chachokera kwa Herminia Ludueña, mkazi wamasiye wa Nicanor Barrionuevo.