Lupanga la Agogo Lakana Kutuluka

— Halo? Vesna, mwanangu?

— Amayi! Mwaswera bwanji?

— Taswera, kaya iwe? Ana ali bwanji? Chifuwa cha Nenad chija?

— Chatha. Tili patebulo, tikudya supu. Bwanji mukunong'ona?

— Netiweki ya kuphiri kuno, ukuidziwa. Amuna ako ali bwino?

— Ali bwino. Amayi, chavuta n'chiyani? Ababa ali kuti?

— Ali kuseri kwa chitseko.

— Akutani kumeneko?

— Choka kaye pamene pali anapo. Dzulo kunabwera anyamata awiri, ati amagula zinthu zakale. Bambo ako, ukuwadziwa, anawathirira kachasu wathu wa rakiya, n'kuwaonetsa malupanga awo akale onse asanu, n'kuwauzanso kuti tikukhala awiriwiri.

— Mayo ine!

— Abweranso. Galimoto aisiya kumunda wa maplamu. Galu anauwa kamodzi, kenako zii. Wina wanyamula chitsulo.

— Imbirani apolisi!

— Ndaimba. Akuti mpaka akwere kuno ndi ola lathunthu. Tsono bambo ako atsitsa pakhoma lupanga la agogo awo, lopindika lija. Akuti munthu salowa muno iwo ali moyo.

— Munthu wa zaka sevente-foro! Alandeni!

— Ngakhale ndisawalande, likukana kutuluka m'chimake.

— Likukana?

— Dzimbiri. Zaka zonsezi ndinkati tilidzoze mafuta, iwo ayi, lupanga lakale ukalipukuta walipha. Ankaligwira atavala magolovesi oyera. Pano aliponda ndi phazi, akukoka... Gojko, siyani, mudzipweteka!

— Chalira n'chiyani? Amayi!

— Chogwirira chazuka. Chatsala m'manja mwawo. Atuwiratu, koma aimabe pomwepo.

— Akawaona ataima choncho awamenya ndi chitsulocho. Chimene akufuna si malupangawo?

— Ndiwo. Khala chete, ali pakhonde. Akugwedeza loko.

— Amayi, ndikuopa.

— Usadule. Ndaika foni pansi.

— Halo? Amayi? Mwatsegula chiyani? Zikugwazo n'chiyani? Halo!

— Ndilipo. Ndawaponyera pawindo, onse asanu.

— Atenga?

— Akutola. Wina wayang'ana kuno... ayi, watembenuka. Akuthamangira kumunda. Ukuimva galimoto?

— Ndikuimva. Zikomo Mulungu. Ababa?

— Akhala pansi, chogwirira chili pamiyendo. Sakundiyang'ana.

— Apatseni foni.

— Akukana. Akuti zaka makumi anayi akusonkhanitsa, ine ndataya ngati madzi otsukira mbale.

— Auzeni tikunyamuka pompano.

— Bwerani, koma musathamange pamakona paja. Asiye andikwiyire, mwanangu. Wokwiya ndikhoza kumuphikira. Mayunitsi akutha. Ugule buledi panjira, ndipo ana usawauze za galu, sindinapite kukamuo...

— Amayi? Halo?