Mipando Yobwereka ya aNambewe

Mafumu, atsogoleri a mpingo, ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, nayi mbiri ya malemu Mayi Luwiza Sakala, aNambewe. Tiyamba ndi lonjezo, chifukwa eni ake akanadzuka akanatiuza kuti tiyambire pamenepo. Mu Meyi 2004, pa boda pompa, mwana wawo Rodrick anakwera thiraki yolowera ku Zambia pa ulendo wa ku Joni. Mkazi wake anali atamwalira, choncho anawasiyira amayi ake ana awiri, Thandiwe wa zaka zitatu ndi Levi wongokwawa. Analonjeza kuti pakatha madzinja awiri abwera kudzawatenga anawo, ndiponso kudzafolera nyumba ndi malata.

Malemu anabadwa pa 12 Malichi 1951 kwa Mfumu Zulu kuno ku Mchinji. Anaphunzira ku Guilleme mpaka Sitandade 4, masiku amene Sitandade 4 inali sukulu ndithu. Kalata ankalemba okha, ndipo sikelo ya ogula mtedza ankaiwerenga msanga kuposa mwini sikelo.

Mu 1969 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Yoram Sakala, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu. Woyamba anamwalira ali wakhanda, kunatsala Ivy ndi Rodrick. Anagwira utenanti pa esiteti ya fodya zaka khumi ndi zisanu asanabwerere kumudzi. Bambo Sakala atatisiya mu 1998, malemu anayamba kugulitsa mtedza wokazinga kwa madalaivala pa boda. Nthawiyo pamalopo panali mitengo, ndipo aliyense wousa pamthunzi unkamudziwa mpaka agogo ake. Lero mitengo ija kulibe, moti wochokera kutali amachita kufunsa njira kwawo komwe.

Mu 2005 Ivy anamwalira, kusiya Mphatso ndi Favour. Adzukulu pakhomo anakwana anayi.

Mu 2006 boma linayambitsa kuno ku Mchinji thandizo la ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, lomwe timalitcha Mtukula Pakhomo. Atamva kuti kukubwera alendo odzalemba maina, malemu anachita zomwe amachita mayi woleredwa bwino. Anazira nyumba, anabwereka mipando inayi ndi wailesi kwa anzawo Mayi Molly, anavala chitenje cha pa Pasaka, napha nkhuku. Alendo anakhala pamipando, anamvera nyimbo, anadya. Atafunsa ngati pali wowathandiza, malemu anatukula mutu nkunena kuti mwana wawo ali ku Joni, akubwera chaka chomwecho, malata ali pathiraki. Alendo analemba zimene anaona ndi kumva, ndipo dzina silinatuluke. Koma kwa Mayi Molly, amasiye anzawo olera adzukulu, alendo omwewo anakhala pamphasa yong'ambika popeza mipando inali koyenda. Dzina la Mayi Molly linatuluka. Musekedi, nawonso malemu ankaseka mpaka misozi akamaifotokoza.

Zaka zinayi zotsatira sizinali zoseketsa. Thandiwe ndi Mphatso ankasinthana yunifolomu imodzi, uyu lero, uyu mawa, ndipo aphunzitsi anachenjeza kuti onse awiri abwereza kalasi.

Mu 2010 olemba maina anabweranso. Mayi Molly anatsekera mipando yawo m'nyumba, anabisa nkhuku za anzawo mu dengu, nadzakhala okha pakhomo ngati mlonda. Funso lija litafika, malemu anakana kunena kuti mwana wawo anawataya. Anangoti, "Lembani kuti wachedwa." Mayi Molly anawonjezera kuti, "Wachedwa zaka sikisi, achimwene, lembaninso imeneyo." Dzina linatuluka.

Tsiku lolandira ndalama linali ngati Lamulungu kwa malemu. Ankafika atatchena, ndipo inki yodinda chala ankaikana, amvekere anapita kusukulu iwo, awapatse cholembera. Asanagule mchere ankayamba agula makope. Akatswiri alemba mabuku ambiri za thandizoli, koma palibe analifotokoza bwino kuposa aNambewe. Ankati boma ndi mwana wawo wachinayi: amatumiza zochepa, koma amatumiza.

Adzukulu onse anayi anamaliza Fomu 4. Thandiwe ndi mphunzitsi, Levi amathandiza a mathiraki kukonza mapepala a katundu pa boda. Mu 2022 awiriwa anafuna kufolera nyumba ya agogo awo. Malemu anawathokoza, koma anakaniza. Anati malata ali ndi mwini wake, akubwera.

Anayamba kudwala matenda othamanga magazi chaka chatha. Pa 10 Julayi anagwa akusenda mtedza, anatengeredwa kuchipatala, ndipo anatisiya pa 14 Julayi 2025 ali ndi zaka 74. Asiya mwana mmodzi, adzukulu anayi ndi zidzukulutudzi ziwiri.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, amayi a mpingo omwe akhala akuimba kuyambira tsiku loyamba, adzukulu okumba manda, ndi madalaivala a pa boda omwe apereka galimoto. Likuthokozanso mwapadera Mayi Molly, omwe mipando yawo akhalira mafumu leroli. Mzimu wa aNambewe uuse mumtendere wa Ambuye.

Rodrick, amene wawerenga mbiriyi, wafika dzulo. Papita madzinja 21. Nyumba mukuionayo ndi yofolera ndi udzu.