Mbale ya Malemu a Goliati

Ana a eni ake akapita kunja amabwerako ndi nsapato, mafoni ndi mabulangete, koma Tisungane, atatumizidwa ku Mexico ndi bungwe la alimi limene amagwirako ntchito, anabwerako ndi mwambo. Anausunga mumtima chaka chathunthu, ndipo pa 2 Novembala, dzuwa likuswa mtengo, anafika kwawo ku Champiti, nakokera tebulo pakona ya pabalaza, n'kuimikapo chithunzi cha malemu bambo ake, a Goliati. Chimene chinatsala chinali chimodzi basi, ndipo popanda chimenecho zonsezo zinali masewera: mbale ya kachewere wa nyama ya mbuzi, wophikidwa ndi manja a mayi ake, a Janeti, monga ankamukondera malemuwo.

Poyembekezera kuti mayi ake atsutsa mwambowo pa zifukwa za kutchalitchi, mayankho onse Tisungane anali atawaloweza mu minibasi. Koma a Janeti, amene analowa ndi lichero m'manja, sanadzere kumeneko n'komwe.

"Kukubwera alendo?"

"Mlendo mmodzi, amayi. Ababa."

"Bambo a ndani?"

"Anga."

A Janeti anayang'ana chithunzicho, kenako anayang'ana mwana wawo. "Bambo ako tinawaika m'manda zaka zisanu zapitazo. Unalipo. Unalira mpaka kutaya nsapato."

"Ndikudziwa, amayi. Koma ku Oaxaca kumene ndinali, lero ndi tsiku limene akufa amabwera kudzacheza ndi abale awo. Amawayalira tebulo, n'kuikapo zakudya zimene ankakonda."

"Oho." A Janeti anatsitsa lichero. "Afika nthawi yanji?"

"Aa, si nkhani ya nthawi."

"Pakhomo polandira mlendo nkhani ndi nthawi. Sindinasese kuseri."

Tisungane anaona kuti ndi bwino kungopitiriza ntchito. Anakwera pampando n'kuyamba kumanga pachingwe mapepala ofiira, achikasu ndi obiriwira, odzaza timabowo tooneka ngati maluwa ndi mbalame.

"Ii, mapepala ako adyedwa ndi chiswe."

"Si chiswe, amayi. Amachita kuboola ndi tizitsulo takuthwa. Mmisiri wake ndinamuona ndi maso angawa, tsiku lonse ali go, go, go. Luso limeneli anaphunzira kwa agogo ake."

"Tsiku lonse? Chiswe cha kuno chikanatha pofika nkhomaliro." Analoza kunja ndi mlomo. "Nanga maluwa achikasu wamwaza kuchokera kumpanda mpaka pakhomowa?"

"Akuwasonyeza ababa njira."

"Nyumba ino anamanga okha. Njerwa anaumba okha. Akasochera ndiye kuti adzera ku Nsipe kumowa."

"Ndi fungo lake limene limawatsogolera."

"Limatsogoleradi. Mbuzi za kwa a Lazarus zadya kale theka la njira."

Tisungane anatuluka liwiro, anathamangitsa mbuzi, anabwerako ali wefuwefu. Mwana ameneyu anatengera khosi la bambo ake: akati walunjika kuti, ngakhale ng'ombe ziwiri sizingamubweze. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachigaza koumba ndi shuga, kokongoletsedwa ndi timizere tabuluu, pamphumi pake atalembapo GOLIATI.

A Janeti anakayang'anitsitsa. "Si iwo. Mutu wa bambo ako unali waukulu."

"Ndi chokongoletsa chabe! Ndi shuga."

"Bweza m'chikwama. Anthu a m'mudzi muno akasuzumira n'kuona chigaza m'nyumba ya mkazi wamasiye, mawa dzina langa ndi mfiti. Za shugazo palibe adzafunse."

Kachigaza kanabwerera m'chikwama. Pofuna kubweza moto, Tisungane anavundukula poto amene anabwera naye atakulunga m'chitenje. Munali nkhuku m'msuzi wakuda bii.

"Lawani. Msuzi umenewu amautcha mole. Mayi amene ndinkakhala kwawo anandiphunzitsa, tinapera pamwala masiku awiri. Muli tsabola mitundu itatu, nsinjiro, nthochi, ndi chokoleti pang'ono."

"Chokoleti cha ana chija?"

"Chomwecho."

"M'ndiwo?"

"M'ndiwo."

A Janeti anaviika chala, analawa, nkhope osasintha ngakhale pang'ono. "Tsabola wachuluka. Bambo ako anali ndi zilonda za m'mimba. Kuchipatala anawaletsa tsabola, khadi lake ndikadali nalo. Ukufuna kuwapha?"

"Amayi, anamwalira kale!"

"Ndiye usawonjezere."

Tisungane anavundikira poto. Anapuma kawiri, anakhala pansi moyenera, miyendo atapinda, mawu atawafewetsa ngati wopempha mbewu.

"Chabwino, nkhukuyo tidya ife. Ine chimene ndikupempha ndi chimodzi. Mayi aja anandiuza kuti mbale yofunika patebulo ndi imene mwini wake ankaikonda, yophikidwa ndi dzanja limene ankalidziwa. Kachewere ndagula pa Manjawira, nyama ya mbuzi ilipo. Muwaphikire ababa."

"Ayi."

"Amayi!"

"Ndinasudzulidwa ine."

"Mwati?"

"Achibale a bambo ako anabwera pano, anandimeta, anandisudzula pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. Anati Janeti, ntchito yako watha, ndiwe mfulu. Lero ndikamuphikira mwamuna ameneyu, ndimuikire mbale, ndimuperekere madzi osamba m'manja, anthu ati chiyani? Ati banja labwererana."

"Ndani anganene zimenezo?"

"Iwowo bambo ako, poyamba. Ukuwadziwa iwe? Mbale imodzi yokha, mawa ayamba kufunsa kuti njinga yanga ili kuti."

"Njinga munagulitsa."

"N'chifukwa chake ndikuti ayi."

Tisungane anagwira mutu. "Ku Mexico amayi amasiye amaphika chaka ndi chaka, palibe amati banja labwererana!"

"Ankhoswe awo ndi aulesi. Nanga akadya agona kuti?"

"Sagona."

"Munthu wokhuta kachewere asagone? Sunawaone bambo ako. Bedi lija ndinaliika kuchipinda kwa mchemwali wako, ine ndimagona pa kakang'ono. Kapena agona pabalaza pano, pafupi ndi chithunzi chawo?"

"Amangobwera, n'kununkhiza fungo la chakudya, n'kubwerera!"

"Kuyenda mtunda wonse uja kudzanunkhiza? Ndiye ukufuna adzakafalitse kumanda konse kuti kwa Janeti alendo amangowanunkhizitsa?" Apa a Janeti anaima kaye, ngati munthu wakumbukira kuti wasiya mphika pamoto. "Dikira. Wawauza okha?"

"Okha bwanji?"

"Pambali pa bambo ako pagona ndani?"

"Agogo."

"Apongozi anga. Mwana wawo anyamuke kupita kokadya, iwo atsale? Ali moyo ankamva kulira kwa nkhuku yophedwa ali kutsidya kwa mtsinje. Abwera. Ndipo sabwera okha, atenga ang'ono awo aja osamva, amene ankadya kawiri chifukwa sankamva akauzidwa kuti mwadya kale."

"Amayi, tebulo lili ndi chithunzi chimodzi!"

"Paukwati wako m'tsogolomu udzatumiza makadi makumi asanu, adzabwera anthu mazana atatu. Kuno ndi ku Ntcheu. Manda athu aja muli anthu oposa mazana awiri, ndipo onse ndi abale. Wamwaza maluwa panjira poyera, sunalembepo dzina. Nkhuku imodzi, Tisungane? Ufuna kundichititsa manyazi kwa amoyo ndi akufa omwe?"

"Sabwera onsewo!"

"Uwabweza ndiwe? Uima pakhomo n'kuwauza agogo ako kuti inu bwererani, mulibe chithunzi?"

"Ndati sabwera!"

"Mipando tili nayo isanu. Pita kwa a Lazarus ukabwereke mabenchi. Uwauzenso amange mbuzi zawo, aziona ngati tawakonzera izo."

Apa mtima wa Tisungane unasefukira. Anali atayenda ulendo wa ndege zitatu, atasunga mapepala aja chaka chonse pansi pa matiresi kuti asakwinyike, ndipo tsopano ankatumidwa kukabwereka mabenchi a mizimu. Anaimirira, misozi ili lengelenge, ndipo anakalipa monga sanawakalipirepo mayi ake chibadwire.

"Amayi, palibe abwere! Ababa sabwera, agogo sabwera, ang'ono awo sabwera! Mbale imangokhala patebulo, chakudya chimazizira, mawa lake timadya tokha. Basi! Ndi zomwezo!"

Kunja mbuzi imodzi inali itabwereranso ku maluwa.

"Ine ababa ndinawadziwa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri," anatero, mawu atatsika. "Ubwana wanga wonse anali ku migodi ku Joni. Atabwerako ine ndinapita kusukulu yogonera. Sindikumbuka tsiku limene ndinawanyamulira mbale kuchokera kukhitchini n'kuwagwadira. Kuja ku Mexico nditaona ana akuikira makolo awo chakudya ndinalira, anthu mpaka kudabwa. Ndimangofuna ndinyamule mbale imodzi, amayi, yophika inu. Sindikufuna china."

Anayamba kumasula mapepala aja pachingwe, limodzi limodzi.

"Tasiya kaye," anatero a Janeti. "Wati sabwera?"

"Sabwera."

"Ngakhale mochedwa?"

"Ngakhale mochedwa."

"Munthu uphike bwinobwino, uike m'mbale, uvundikire, uziyang'ana kumsewu, chakudya chizizire, mawa udye wekha?"

"Inde."

"Ndi umenewo mwambo wa ku Mexico?"

"Ndi umenewo."

A Janeti anamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, anakokera thumba la kachewere pafupi, nasankha mmodzi wamkulu, akumutembenuza m'manja.

"Ukanatero poyamba, mwana iwe, m'malo mondiopseza kuti akubwera. Ndege zitatu kukaphunzira zimenezi? Kuphikira bambo ako osabwera ndinayamba iwe usanabadwe. Patse mpeni."