Mamita Atatu Okha, Ba Hatibu

Mu Kanyama monse munali makina amodzi okha otha kusoka nsalu ya maambulera osaing'amba, ndipo tsoka la Muzammil linali lakuti makinawo anali a ba Hatibu, atate ake a Hafswa. Kwa Hafswayo, yemwe ankakondana naye mobisa, Muzammil anali atalumbira kuti Loweruka, abale a mnyamata wina asanafike kudzamufunsira mbeta, iye adzaoloka chidamu cha pa kwale, pokumba miyala paja, chimene chinali pakati pa nyumba zawo akuuluka pamwamba pa madzi, Kanyama yense akuonerera.

"Salamu aleikumu, ba Hatibu. Nifuna munisokeleko parawingi."

"Waaleikumu salamu. Ya manja aatali kapena aafupi?"

"Awe, si yovala. Onani apa."

Muzammil anawasonyeza foni. Pa fonipo mzungu anali ataima pa thabwa, thabwalo litakwera pamwamba pa madzi pa kachitsulo, m'manja atagwira zingwe za chinsalu chodzaza mphepo chimene chinkamukoka.

"Ameneyu akuthawa ndani?"

"Sathawa, mudala, ni maseŵera. Thabwa nili nayo kudala. Ba Silas owotcherera banaika chisulo pansi pa chitseko."

"Chitseko cha kuti?"

"Cha ku chimbudzi kwa ba landilodi."

"Nanga iwo akuchita bwanji?"

"Bakaloŵa baimba nyimbo. Imwe sokani chabe nsalu."

Ba Hatibu anachotsa tepi m'khosi.

"Kweza manja."

"Simupima ine!"

"Nanga ndipime ndani? Mzunguyu?"

"Sayizi ya parawingi iyenda na vinthu viŵiri. Kulemera kwa munthu, na mphamvu ya mphepo."

"Chabwino. Munthu ndamuona. Mphepo ili kuti?"

"Panja!"

"Ubwere nayo. Ine ndinasiya kusokera kasitomala amene palibe. Akabwera amati yandithina."

Muzammil anagwira kumutu, n'kupuma mozama.

"Mverani. Mphepo ya Ogasiti ni yamphamvu. Ine nine wopepuka. Nifuna mamita atatu. Atatu chabe."

Ba Hatibu anatenga choko n'kuyamba kulemba mzere pa nsalu.

"Atatu, ndi imodzi yokulira nayo."

"Yokulira nayo? Nili na ndevu ine, nikulira kuti?"

"M'mbali. Dikira ukwatire uone."

Muzammil anatsamwa ndi malovu, n'kutsokomola.

"Nsalu ikakula, mphepo inigonjetsa, ba Hatibu. Inikoka chabe kumene ifuna yeve, kumadzulo, monga pepala ya shuga. Yaing'ono ndiye niikwanisa kuigwira. Nipendeka thabwa so, nicheka mphepo, nipita kum'mawa."

"Mphepo ikuchokera kuti?"

"Kum'mawa."

"Iwe ukupita kuti?"

"Kum'mawa."

"Muwombana."

"Sitiwombana! Sulunjika nayo maso na maso. Uyenda chopingasa, ukhota, ubwerera chopingasa futi, pang'onopang'ono usendera kutsogolo."

Anasonyeza ndi thupi, akupendekera uku ndi uku pakati pa mipando.

"Oho. Kayendedwe kameneko ndimakadziŵa. Amayenda choncho akamachokera ku shabini, ndipo safuna nsalu."

"Mudala, chonde, napapata."

"Bwanji osadikira mphepo itembenuke?"

"Ogasiti siitembenuka. Ndipo ine ni Loweruka lino, osati lina."

"Zungulira wapansi. Njira ilipo, ana a sukulu amadutsamo."

"Njira ni ya aliyense! Munthu akaonekera pa madzi, nsalu ili mbuu kumwamba, dzuŵa ili kumbuyo kwake, bonse baima. Wina mtima umugunda."

"Wa amayi ako. Umatha kusambira?"

"Nizaphunzira pamene apo."

Ba Hatibu anagwedeza mutu ngati amva yankho labwino.

"Layiningi ya mtundu wanji?"

"Kulibe layiningi! Izalemera!"

"Chinthu chopanda layiningi chichoke m'shopu muno? Anthu adziti Hatibu wakalamba. Nanga thumba?"

"Thumba ya chani?"

"Foni uika pati? Pamadzi paja."

"Ba Hatibu. Mamita atatu. Yopepuka. Kulibe layiningi, kulibe thumba, kulibe yokulira nayo. Mukawonjezako olo chikhatho chimodzi, sinifika."

Anayang'anizana. Panja mphepo inakokera chigubu chopanda kanthu mumsewu, fumbi n'kuloŵa pakhomo. Ba Hatibu anafufuta mzere wa choko uja ndi chala chonyowa.

"Chabwino. Kasitomala ndi mfumu, ngakhale wamisala. Atatu."

"Zikomo! Mulungu akudalitseni!"

Ba Hatibu anatenga sizasi, n'kuima.

"Koma kum'mawa kwa chidamu ndimakudziŵa ine, ndimakhala komweko. Gombe lonse ndi miyala ndi zinyalala. Potsikira ndi patatu pokha: pa chigayo, pa mzikiti, ndi pakhomo panga. Iwe ukatsikira pati?"

Muzammil anayang'ana kudenga.

"Pa... pa chigayo."

"Ukukagayitsa?"

"Ee."

"Ndiye unyamula thumba la chimanga. Wanena wekha kuti sayizi imayenda ndi kulemera. Mamita asanu."

"Awe, awe! Naiŵala. Ni ku mzikiti."

"Loweruka?"

"Swala ni siku iliyonse, mudala."

"Zoona. Koma ufike ku mzikiti utakwera chitseko cha chimbudzi? Mwalimu akakubweza ndi ndodo usanatsike."

"Basi si ku mzikiti."

Ba Hatibu anaŵerenga zala. Ziŵiri anazipinda, chimodzi chinatsala chili chiimire. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Kwatsala kwanga."

Muzammil anayang'ananso kudenga.

"Ukufuna ine?"

"Mwina."

"Ndili pano. Nena."

"Si imwe kwenikweni."

"Akazi anga?"

"Awe! Astaghafirula!"

"Mbuzi sindigulitsa."

"Sinifuna mbuzi!"

"Pakhomo panga pali ine, akazi anga ndi mbuzi. Winanso ndani woti munthu n'kumuolokera chidamu osadziŵa kusambira?"

"Ni Hafswa!" Muzammil anafuula, kenako n'kudzitseka pakamwa ndi manja onse aŵiri.

Ba Hatibu anaika sizasi pa tebulo mosamala. Anavula magalasi, kuwapukuta ndi kansalu, n'kuwavalanso. Kenako anamwetulira, kumwetulira kumene Muzammil anali asanakuonepo pa nkhope imeneyo.

"Mwana wanga, bwanji osanena poyamba? Wavutika ndi chigayo chabe."

"Simunakalipe?"

"Ndikalipirenji? Mnyamata wolimba mtima chotere? Gwira uku."

Anamupatsa nsonga ya nsalu. Iwo anagwira mpukutu n'kuyamba kubwerera chambuyo akuutambasula, kudutsa makina, kudutsa pakhomo, mpaka kutsidya kwa msewu pafupi ndi mayi wogulitsa tomato. Mphepo inaloŵa pansi pa nsaluyo n'kuitukumula, Muzammil n'kuyamba kutsetsereka pa simenti zidendene zili m'mwamba.

"Ba Hatibu! Yapitirira! Iyi ni mamita khumi na aŵiri!"

"Mkamwini sitimuumira nsalu!" anakuwa ba Hatibu ali kutsidya. "Mphepo ikakakutula kutali kumadzulo uko ku Mumbwa utiimbire, tidziŵe kuti wayenda bwino."