Analira pa Chimbudzi Chakale

Awulutsi ndi omvera, ine ndine mtsikana wa Fomu 3 kuno ku Mayani. Mayi atamwalira, kunabwera bambo ena ochokera ku Mozambique, ndi mkazi ndi ana. Ankati agogo awo anatsalira kumeneko pamene makolo athu ankathawa chibalo cha Apwitikizi, nkhondo yoyamba ya Jeremani isanabuke. Kuti alembetse unzika, pankafunika abale owachitira umboni. Amalume anawalonjezanso dimba la mayi, lomwe limandiphunzitsa sukulu.

Akuluakulu anati, "Ngati ndinu magazi athu, mawa mutilozere pomwe anagona gogo wamkulu."

Madzulo bambowo anandinong'oneza, "Mwanawe, ndithandize. Ndi pati?"

"Tiyeni, bambo," ndinatero mwaulemu. Poti Angoni akale ankaikidwa pafupi ndi khola, ndinawalozera kachulu kuseri kwa khola lathu.

M'mawa anagwada pamenepo nalira mokweza, akutchula mfunda wathu.

"Dzukani, achimwene," anatero amalume. "Icho n'chimbudzi chakale."

Palibe anawachitira umboni. Anabwerera wapansi m'chisanu, mwana wodwala ali kumsana. Azakhali akuti mwina analidi athu, ndipo anasiya kundilankhula. Ine mbatatesi m'dimba lija ndakumba, ndipo ndikadutsa pakachulupo ndimasekabe.